Mkaka wa m'chitini ku America: mmene thandizo la WIC limayendera ndi pamene limalekezera

Chitini chimodzi cha mkaka wa makanda wa ufa, chija cha magalamu pafupifupi 350, chimagulidwa madola 20 kapena chapompo m'masitolo ambiri kuno ku America. Khanda losayamwa bere limachimaliza m'masiku atatu kapena anayi. Pamwezi ndiye kuti zitini 9 kapena 10, madola pafupifupi 200 pa mkaka wokha, matewera tisanawerengere, lendi ili apo, inshuwaransi ya galimoto ili apo, kumudzinso akudikira. Mwana akakhala woti thupi lake limakana mkaka wochokera ku ng'ombe, zitini zapadera zimene adokotala amamulembera zimadula kuwirikiza kawiri, nthawi zina kuposa pamenepo.

Ambiri a ife tinakulira kumene mkaka wogula unali wa anthu ochepa. Mwana amayamwa, ndipo kusikelo amatilangiza kuyamwitsa mwakathithi miyezi 6 yoyamba. Munthu ali ku Malawi akhoza kufunsa kuti nanga mayiyo bwanji osangoyamwitsa. Yankho lili m'kagwiridwe ka ntchito ka kuno. Ku Malawi lamulo la ntchito limapatsa mayi masabata 8 a tchuthi cholipidwa akachira. Ku America kulibe lamulo la dziko lonse lokakamiza bwana kulipira tchuthi chotere. Limene lilipo, la 1993, limapereka masabata 12 osalipidwa, ndipo limateteza okhawo amene agwira ntchito chaka chathunthu pa kampani ya antchito 50 kapena kuposa. Mayi wosamalira okalamba, amene amagwira maola 12 pa shifiti, amabwerera kuntchito mwana asanakhwime n'komwe, pakhomo palibe agogo kapena azakhali omubweretsera mwana kuti ayamwe. Onjezerani apo ana obadwa masiku asanakwane, mapasa, amayi odwala, ndi makanda amene akuleredwa ndi bambo okha kapena agogo. Mkaka wa m'chitini kwa mabanja amenewa si wa ulesi kapena matama. Ndi chakudya chokhacho chimene mwana ali nacho.

Boma la America lili ndi ndondomeko yothandiza pa zimenezi, imene aliyense amangoitchula kuti WIC, zilembo zoimira amayi, makanda ndi ana. Inayamba ngati yoyeserera mu 1972, kiliniki yake yoyamba inatsegulidwa mu Januwale 1974 ku Pineville m'chigawo cha Kentucky, ndipo mu 1975 inakhazikika. Ndalama zimachokera ku unduna wa zaulimi, USDA, koma chigawo chilichonse chimayendetsa WIC yakeyake, n'chifukwa chake zimene mnzanu wa ku Texas akuuzani sizingafanane ndendende ndi za ku Maryland. Mu 2024 inkathandiza anthu pafupifupi 6.7 miliyoni mwezi uliwonse, kuphatikizapo makanda 4 mwa 10 aliwonse a m'dziko muno. Mkaka wa makanda woposa theka la wonse umene umagulidwa ku America umagulidwa kudzera mu WIC. Ndatchula ziwerengerozi dala, chifukwa pakati pathu pali manyazi ena ake, akuti tinabwera kudzagwira ntchito osati kudzapempha. Mayi amene waimirira patsogolo panu polipira m'sitolo, mbadwa ya konkuno, mwina naye akugwiritsa ntchito khadi lomwelo.

Amene amaloledwa

Pali zinthu zinayi zimene amayang'ana. Choyamba n'chakuti mukhale m'gulu la anthu amene WIC inapangidwira: mayi woyembekezera, mayi amene wachira m'miyezi 6 yapitayi, mayi woyamwitsa mpaka mwana atakwanitsa chaka, khanda, kapena mwana wosakwana zaka 5. Bambo salandira chakudya m'dzina lake, koma akhoza kulembetsa mwana, chimodzimodzi agogo kapena aliyense amene akumulera. Chachiwiri, mukhale m'chigawo chimene mukulembetsacho, ndipo safuna kuti mukhale mutakhalamo nthawi yakutiyakuti. Chachitatu ndi ndalama. Chachinayi n'chakuti wachipatala aone kuti pali chiopsezo pa kadyedwe, ndipo ichi chisakudetseni nkhawa, chifukwa pafupifupi aliyense amene wadutsa pa ndalama amadutsanso apa.

Pa ndalama ndi pamene anthu ambiri amadzikaniza okha asanafunse. Malire ake ndi 185 peresenti ya mlingo wa umphawi umene boma limalengeza chaka chilichonse. Kuyambira pa 1 Julayi 2025 mpaka pa 30 Juni 2026, banja la anthu awiri limaloledwa ngati likupeza madola osaposa 39,128 pachaka, la anthu atatu 49,303, la anthu anayi 59,478. Ku Alaska ndi ku Hawaii malirewo ndi okwererapo. Mimba imawerengedwa ngati munthu, ndiye mayi woyembekezera amene akukhala yekha ndi banja la anthu awiri. Tiyerekeze kuti amalandira madola 18 pa ola, maola 40 pa sabata. Pachaka ndi 37,440. Ameneyu ndi wololedwa, ngakhale ali pantchito yokhazikika ndipo sadziona ngati wosauka.

Amawerengera malipiro onse msonkho usanadulidwe, ndi za ovataimu zomwe. Ndalama zimene mumatumiza kumudzi, za fizi ya achimwene anu kapena za feteleza wa amayi, sazichotsera, ndipo abale amene mumawasamala ali ku Malawi sawerengedwa m'banja lanu. Izi zimapweteka, chifukwa kwa ife banja silithera pa anthu ogona m'nyumba imodzi, koma lamulo lili choncho ndipo musanene zosiyana ndi zoona. Komano pali mbali ina imene imatikomera. Ambiri timakhala mabanja awiri kapena atatu m'nyumba imodzi kuti lendi ipepuke. Kwa a WIC, banja ndi anthu amene amaika ndalama pamodzi n'kumadyera pamodzi. Ngati mumangogawana lendi koma aliyense amadzigulira chakudya ndi ndalama zake, malipiro a mnzanuyo sayenera kulowa m'mawerengero anu. Afotokozereni momveka mmene mumakhalira.

Njira yachidule kwambiri ndi iyi: ngati muli pa Medicaid (inshuwaransi ya boma ya zachipatala ya opeza zochepa), SNAP (khadi la boma logulira chakudya) kapena TANF (thandizo la ndalama kwa mabanja osowa), nkhani ya ndalama yatha, mumangosonyeza umboni wake. Khanda lobadwa mayi ali pa Medicaid, ngakhale ija yadzidzidzi yongolipirira uchembere, limakhala pa Medicaid chaka chake choyamba chonse. Makolo ambiri sadziwa kuti khadi la Medicaid la mwanayo ndi lokwanira kutsegula chitseko cha WIC.

Nkhani ya mapepala

Apa ndi pamene pali mantha enieni, ndipo si mantha opanda pake. Lamulo la dziko lonse silinena kuti wolandira WIC akhale nzika kapena akhale ndi green card, chilolezo chokhala m'dziko muno mokhazikika. Lamulo la 1996 linapatsa zigawo ufulu woika malire otere zikafuna, koma pafupifupi zonse sizinatero, moti m'malo ambiri safunsa n'komwe za mapepala kapena nambala ya Social Security. Ophunzira, anthu amene akudikira yankho pa nkhani zawo, ndi amene mapepala awo anatha, amalembetsa ngati wina aliyense. Pali zigawo zochepa zosiyana, ndipo Indiana ndi chimodzi mwa izo, zimene n'zofunika kuzidziwa poti ku South Bend ndi madera oyandikira kuli Amalawi ambiri. Kumeneko munthu wa zaka 18 kapena kuposa amafunsidwa za mapepala ake akamadzilembetsa yekha. Koma funsolo ndi la akuluakulu. Khanda limalembedwa m'dzina lake, ndipo mkaka ndi wa khandalo, osati wa mayi.

Mantha achiwiri ndi akuti kulandira thandizo kudzawononga mwayi wa green card, chifukwa cha lamulo lija loona ngati munthu adzakhala mtolo kwa boma, limene amati public charge. Malamulo okhwima a 2019 sanawerengere WIC, ndipo a 2022 sanaiwerengerenso. Kumapeto kwa 2025 boma linalengeza maganizo ochotsa malamulo a 2022 aja, ndiye nkhani imeneyi ikusuntha. Ngati muli mkati mosintha mapepala, kapena mudzafunika kukapempha visa ku embasi, funsani loya wa za anthu obwera kapena bungwe lovomerezeka lothandiza mwaulere, ndipo mufunse za WIC ya mwana mwachindunji. Chimene ndimakana ndi kuti mayi asiye kulembetsa khanda chifukwa cha uthenga wa pa gulu la WhatsApp umene palibe akudziwa kumene unachokera. Mauthenga otere amasokoneza WIC, SNAP, Medicaid ndi ndalama za m'manja ngati chinthu chimodzi, pamene chilichonse chili ndi malamulo ake. Dziwaninso kuti malamulo a WIC amaletsa kupereka zinsinsi za olembetsa mwachisawawa.

Kulembetsa kwenikweni si kovuta. Mumaimbira foni ofesi ya WIC ya m'dera lanu, imene kawirikawiri imakhala ku dipatimenti ya zaumoyo ya county kapena ku kiliniki ya anthu wamba, ndipo zigawo zambiri zili ndi fomu ya pa intaneti yoyambira. Ngati simukudziwa kolowera, imbani 211, nambala yolozera anthu kumene kuli thandizo m'dera lawo, kapena funsani namwino kuchipatala kumene mukuchitira sikelo. Amakupatsani tsiku. Mumatenga chiphaso chanu, pasipoti ya Malawi imagwira ntchito m'malo ambiri. Chosonyeza kuti mwana ndi ndani, monga pepala la kuchipatala kumene anabadwira. Kalata iliyonse yosonyeza adiresi yanu, kaya ya lendi kapena ya magetsi. Ndi mapepala a malipiro a masiku 30 apitawa. Amene amalipidwa pamanja, kapena akukhala kwa mnzawo popanda kalata ya dzina lawo, asabwerere m'mbuyo: malamulo amalola kusaina chikalata chofotokoza mmene zinthu zilili. Chikasowa chimodzi, maofesi ambiri amakulembani kwa masiku 30 kuti mukachipeze. Lamulo limati yankho lituluke m'masiku 10 kwa amayi oyembekezera ndi ena ofunika changu, ndi masiku 20 kwa ena onse, koma nthawi zambiri munthu amatuluka ndi khadi tsiku lomwelo.

Zochitika tsikulo zili ngati kusikelo kwathu. Amayeza kulemera ndi msinkhu, amabaya chala kuona ngati magazi ndi okwanira, ngakhale makanda aang'ono sawabaya, kenako amacheza nanu za kadyedwe. Kuchokera nthawi ya COVID-19 maofesi ambiri amachita zina mwa izi pa foni. Mukhoza kupempha womasulira kwaulere, ndipo akapanda kupeza Chichewa pa mndandanda wa zilankhulo, auzeni ayang'ane Nyanja. Akakukanani, apempheni akulembereni chifukwa chake. Muli ndi masiku 60 opempha kuti nkhani yanu iunikidwenso, ndipo zinthu zikasintha, maola achepa kapena mwana wina wabadwa, mukhoza kulembetsanso.

Langizo langa lalikulu ndi lakuti mulembetse mimba ikangodziwika. Pakadafunda padajiwitsa. Mayi amene ali kale pa WIC amalandira chakudya miyezi yonse ya mimba, ndipo mwana akabadwa kumuwonjezera ndi nkhani yaifupi, chifukwa khanda la mayi amene anali pa WIC limawerengedwa kale kuti ndi loyenera thandizo. Amene amadikira mpaka atatuluka m'chipatala amayamba kusaka mapepala ali ndi bala la opaleshoni, tulo palibe, timabotolo ta kuchipatala tikutha.

Kuchuluka kwa mkaka

WIC sipereka ndalama. Imapereka khadi lokhala ndi nambala yachinsinsi, limene limagula zinthu zolembedwa zokha, m'masitolo ovomerezeka okha. Khanda losayamwa konse limalandira zitini za ufa pafupifupi 9 pamwezi kuyambira pobadwa mpaka miyezi 3, pafupifupi 10 pa miyezi 4 ndi 5, kenako zimatsika kufika pa 7 kuyambira miyezi 6 mpaka 11. Zimatsika chifukwa pa miyezi 6 amawonjezera phala la makanda ndi timabotolo ta zipatso ndi masamba. Zotsala pa khadi mwezi ukatha sizidutsa kupita mwezi wina, zimangofa. Dzina la mkaka, kukula kwa chitini ndi mtundu wake ziyenera kufanana ndendende ndi zolembedwa, apo ayi makina amakana pamaso pa anthu. Zigawo zambiri zili ndi pulogalamu ya pa foni, monga WICShopper, yoti mujambule chitini muli pa shelefu n'kudziwiratu ngati chidutsa. Polipira yambani ndi khadi la WIC, kenako la SNAP ngati muli nalo, ndalama zanu pomaliza.

Tsopano mfundo imene ndikufuna mutsale nayo. WIC inapangidwa kuti iwonjezere, osati kukwaniritsa zonse, ndipo eni ake amanena zimenezi poyera. M'masabata oyamba zitini 9 zimakwana, zina kutsala. Mwana akafika miyezi 3 kapena 4 n'kumamwa kwambiri, mabanja ambiri amaona chitini chomaliza chikutha kutatsala masiku angapo kuti khadi lidzazidwenso. Pa miyezi 6 mpata umakula, chifukwa zitini zatsika pamene mwana akungolawa phala, sanayambe kulidya zenizeni. Banja limene likudziwiratu zimenezi limapatula ndalama ya chitini chimodzi kapena ziwiri pamwezi. Banja limene silikudziwa limadzidzimuka usiku wa Lachisanu, ofesi itatseka, ndipo m'pamene anthu amachita zoopsa.

Choopsa chachikulu ndi kuthira madzi ambiri kuti ufa ukhalitse. Impso za khanda sizingathe kutulutsa madzi ochuluka chonchi. Mchere wa m'magazi umatsika, mwana amafooka, amatha kuyamba kuphiriphitha ngati wakhunyu, ndipo ena amafa. Ngakhale zisafike pamenepo, mwana womwa mkaka wosungunuka kwambiri amanyentchera pang'onopang'ono mimba ili yodzaza. Muyezo wolembedwa pa chitini usasinthidwe ndi supuni imodzi yomwe. Mkaka wa ng'ombe wa m'firiji, Nido, Cremora, tiyi wamkaka, phala lamadzimadzi m'botolo, kapena mkaka wosakaniza nokha potsatira za pa intaneti, zonsezi sizilowa m'malo mwa mkaka wa makanda mwana asanakwanitse chaka. Ndikudziwa kuti ena a ife tinaleredwa ndi zina mwa izi pamene amayi anadwala, ndipo tili moyo. Amene sanapulumuke sali pano kuti anene.

Zochita zabwino zilipo. Imbirani a WIC mkaka usanathe, muwauze kuti sukukwana. Aona ngati mwana analembedwa m'gulu loyenera ndipo amadziwa kumene kuli thandizo lina. Dokotala wa ana nthawi zambiri amakhala ndi zitini zoperekedwa ndi makampani. Malo ogawa chakudya kwaulere ndi matchalitchi ena amasunga mkaka wa makanda, ndipo 211 ikulozerani. Khadi la SNAP limagula mkaka wa dzina lililonse. Pogula ndi ndalama zanu, mkaka wa dzina la sitolo, monga wa ku Walmart, Target kapena Costco, ndi wotsika mtengo, ndipo kuyambira pa lamulo la 1980 mkaka wa makanda uliwonse wogulitsidwa movomerezeka muno umayenera kukwaniritsa muyezo umodzimodzi wa zakudya umene bungwe la boma loona za zakudya ndi mankhwala la FDA limayang'anira. Mwana wathanzi akhoza kumwa wa WIC masabata atatu ndi wa sitolo sabata yachinayi popanda vuto, bola mtundu wake ukhale wofanana.

Funso la bere

Ku WIC adzakufunsani ngati mukuyamwitsa, ndipo yankho lanu limasintha zimene mulandire. Mayi woyamwitsa mwakathithi salandira mkaka wa m'chitini, koma iyeyo amalandira chakudya chochuluka kuposa aliyense, mpaka mwana atakwanitsa chaka. Mu 2024 gawo la zipatso ndi masamba lokha linali madola 52 pamwezi, pamene mayi wosayamwitsa ankalandira 47 ndi mwana 26. Wophatikiza bere ndi botolo amalandira zitini pafupifupi theka la zija za khanda losayamwa. Wosayamwitsa konse amalandira zitini zonse, koma chakudya chake cha iye chimatha pa miyezi 6.

Ena amaona ngati akukakamizidwa, ena amanama kuti sakuyamwitsa n'cholinga choti atenge zitini zonse zikhale zosungira. Ine ndimati nenani zoona, chifukwa gulu limene mwalembedwa likhoza kusinthidwa tsiku lililonse ndi foni imodzi, mwachitsanzo mukabwerera kuntchito. Ndipo musapeputse thandizo la kuyamwitsa limene amapereka. Ali ndi alangizi, ambiri mwa iwo amayi amene anayamwitsapo, ndipo amapereka kapena kubwereketsa pampu yokamira mkaka. Lamulo la mu Disembala 2022 limapatsa antchito ambiri ufulu wa nthawi ndi malo obisika, osati chimbudzi, okamira mkaka mpaka mwana atakwanitsa chaka. Mayi amene akuyamwitsa m'mawa ndi usiku n'kumapereka botolo masana amakhala ndi mpata waukulu mwezi ukamatha, chifukwa chitini chake chimakhalitsa ndipo bere silidikira tsiku la khadi.

Amayi amene ali ndi kachilombo ka HIV amakumana ndi uphungu wosiyana ndi wa kwathu. Ku Malawi, kuyambira 2011, mayi woyembekezera akapezeka nako amayamba ma ARV a moyo wonse ndipo amalimbikitsidwa kuyamwitsa, chifukwa kumene madzi aukhondo ndi ndalama ya mkaka sizodalirika, kutsegula m'mimba ndi kunyentchera zimapha makanda ambiri kuposa kachilombo kodutsa mu bere la mayi amene akumwa mankhwala. Ku America kwa zaka zambiri ankangoti osayamwitsa. Mu Januwale 2023 malangizo anasintha: mayi amene akumwa mankhwala mokhulupirika ndipo kachilombo sikakuoneka m'magazi akhoza kukambirana ndi dokotala wake n'kusankha kuyamwitsa, podziwa kuti chiopsezo ndi chosakwana 1 peresenti koma si ziro. Amene wasankha botolo, WIC imampatsa zitini zonse. Ndipo tonsefe tisiye kufunsa mayi pa tchalitchi kapena pa chinkhoswe kuti bwanji mwana sakuyamwa. Funso limenelo limabaya anthu amene sitikudziwa zimene asenza.

Chifukwa chake dzina ndi limodzi

Mudzadabwa kuti kuchipatala anakupatsani Enfamil koma khadi likulola Similac yokha, kapena mosemphanitsa. Si kulakwitsa. Kuyambira 1989 lamulo limafuna kuti chigawo chilichonse chichititse mpikisano pakati pa makampani a mkaka. Kampani imene yalonjeza kubweza ndalama zambiri pa chitini chilichonse imapambana, ndipo mkaka wake wokha ndi umene WIC imapereka m'chigawo chimenecho kwa zaka zingapo. Inu mukatenga chitini, boma limalipira sitolo mtengo wa pa shelefu, kenako kampani imabwezera boma gawo lalikulu la mtengowo. Zobwezedwazi zimaposa madola 1.5 biliyoni pachaka, ndipo ndi zimene zimathandiza kuti WIC ifikire anthu ena oposa miliyoni popanda msonkho wowonjezera.

Makampani amavomera chifukwa amapindula kwina. Mkaka wopambana umapatsidwa malo aakulu m'sitolo, madokotala amauzolowera, ndipo makolo ogula ndi ndalama zawo nawonso amatsatira dzina lomwelo pa mtengo wonse. Kumbukirani kuti mu 1981, pamene mayiko anavomereza mfundo za bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO zoletsa kutsatsa mkaka wa makanda mwachisawawa, America yokha ndi imene inavota kukana. N'chifukwa chake kuno zitini zaulere zimabwera pa positi mimba isanathe, zinthu zimene ku Malawi n'zoletsedwa.

Dongosololi limapulumutsa ndalama, koma linaika mkaka wa dziko lonse m'manja mwa makampani ochepa, makamaka Abbott ndi Mead Johnson. Kuipa kwake kunaoneka mu 2022. Mu Febuluwale chaka chimenecho Abbott inabweza mkaka wopangidwa ku fakitale yake ya ku Sturgis, Michigan, ndipo fakitaleyo inatsekedwa, makanda anayi atadwala ndi kachilombo ka Cronobacter, awiri n'kumwalira. Pofika Meyi mashelefu anali mbee m'madera ambiri, ndipo ovutika kwambiri anali a WIC m'zigawo za Similac, mkaka wa Abbott, chifukwa khadi lawo silinkalola dzina lina. Boma linachita kunyamula mkaka pa ndege kuchokera ku Europe, ndipo mwezi womwewo linakhazikitsa lamulo lolola WIC kumasula malamulo ake mkaka ukasowa. Zoterezi zikachitikanso, funsani ofesi yanu mayina ena amene alola.

Nkhani ya Cronobacter ikutikumbutsanso kuti ufa wa m'chitini si wophedwa tizilombo. Kwa khanda losakwana miyezi 2, lobadwa masiku asanakwane kapena lofooka, wiritsani madzi, asazizire kutsika madigiri 70 a Celsius, sakanizani ufa, kenako ziziritsani botolo musanamwetse. Mkaka wosakaniza usakhale panja kuposa maola 2, umene mwana wayamba kumwa utayidwe pakatha ola, wa m'firiji usapitirire maola 24, ndipo chitini chotsegula chithe m'mwezi umodzi.

Mwana akafuna mkaka wapadera, monga Nutramigen, Alimentum, EleCare kapena Neocate, WIC imatha kupereka, koma pamafunika fomu yosainidwa ndi dokotala yotchula matenda ake. Kulira usiku kapena kubwezako pang'ono sikukwanira. Magazi m'chimbudzi, kusanza kosalekeza, zidzolo zoopsa kapena kusakwera sikelo ndi zimene muyenera kukanena kwa dokotala msanga. Kwa ana a pa Medicaid, kawirikawiri Medicaid ndi imene imayamba kulipira mkaka woterewu, ndipo a WIC amakuthandizani kudziwa khomo loyamba kugogoda.

Zitini zikatsala, zibwezeni ku ofesi kapena funsani chochita. Kuzigulitsa pa Facebook kapena kusinthanitsa ndi zina ndi kuphwanya malamulo, ndipo kungachititse kuti muchotsedwe n'kuuzidwa kubweza ndalama. M'zigawo zambiri ngakhale kupatsa wina n'koletsedwa, ndiye mlamu wanu akapempha kuti muike zitini ziwiri m'katundu wopita kumudzi, mugulireni ndi ndalama zanu.

WIC si ufulu umene lamulo limatsimikizira aliyense woyenera. Imadalira ndalama zimene Congress, nyumba ya malamulo ya kuno, yavomereza chaka chimenecho. Kwa zaka zoposa 25 ndalamazo zakhala zokwanira onse olembetsa, ndipo ngakhale pamene boma linatseka masiku 43 kuyambira pa 1 Okutobala 2025, anapeza ndalama zina kuti makadi apitirire kugwira ntchito. Zitati zapereweradi, amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi makanda okhala ndi vuto la thanzi ndi amene amakhala patsogolo pa mzere.

Mukamasamukira chigawo china, khadi lanu lakale silikagwira ntchito kumeneko. Musananyamuke pemphani pepala lotchedwa VOC, limene limachititsa ofesi yatsopano kukulandirani popanda kuyambiranso, ndipo dziwiranitu kuti dzina la mkaka likhoza kusintha. Mwana akakwanitsa chaka zitini zimatha, m'malo mwake mumalandira mkaka wa ng'ombe wosachotsa mafuta, mazira, nyemba, buledi kapena mpunga wosapuntha, zipatso ndi masamba. Mabanja ambiri amasiyira pamenepa poganiza kuti WIC inali ya mkaka basi, koma mwanayo amakhalabe woyenera mpaka tsiku lokwanitsa zaka 5, bola muzikamulembetsanso chaka ndi chaka.